Kuseri kwa Petronila

Tebulo lodyera la Erlinda linasiya kuona mbale mu Januwale 2018. Mapepala analanda malo onse, ndipo mwini nyumba ankadya mpunga wake chiimire ngati mlendo wofulumira. Atagwira unamwino zaka zambiri ku Riyadh, anabwerera kwawo ku Oas, tauni yakutali kum'mwera kwa Manila, ndi msana wowawa, n'kupeza pamanda a amayi ake pali mtanda wathabwa wodyedwa ndi chiswe. Anatsimikiza kuikapo chiliza cha mwala, cholembedwa mayina a akazi a mzere wawo, mayi ndi mayi wake, mpaka pamene mbiri ingafike.

Mayina atatu ankawadziwa: amayi ake, Amparo, agogo ake, Felisa, ndi amayi a agogowo, Petronila Rempillo, amene anamwalira mu 1950. Kuseri kwa Petronila kunali mdima.

Wamoyo amene anamuonapo Petronila ndi maso anatsala mmodzi: a Soling, amene Erlinda ankawaitana kuti Tiya, mng'ono wa Amparo, wa zaka 86, amene ankakulungabe nsomba m'masamba a koko n'kumagulitsa pakhomo. Koma iwo ndi Erlinda sankamwerana madzi. A Soling anali asanaiwale kuti ndi iwo anadwazika Amparo, pamene namwino wa m'banjamo ankasamalira amayi a eni kutsidya kwa nyanja.

"Ndamva ukusaka agogo anga m'mapepala," anatero a Soling atakumana naye potuluka m'tchalitchi. "Bwera udzandipalire kokonati, ndikuuze. Kapena manja a ku Saudi amangogwira foni?"

Erlinda anayankha kuti adzabwera Loweruka. Mumtima ankadziwa kuti dzina lililonse lidzabwera litakulungidwa m'chitonzo, ndipo zitonzo anali atatopa nazo. Anadziuzanso kuti mutu wa nkhalamba ndi dengu lobooka, pamene pepala silisintha mawu. Loweruka limenelo linamupeza m'basi ya ku Manila.

Kumalo osungirako zolembedwa zakale, maso ake anafiira ndi zilembo zopendekeka za alembi a m'nthawi ya Asipanishi. Pa ulendo wachitatu anapeza tsamba la kalembera wa 1887: nyumba ya Ambrosio Rempillo, mwini minda, mkazi wake Catalina, ana asanu, ndipo pansi penipeni, Petronila, wa zaka zisanu ndi zinayi. Msinkhu unagwirizana. Anaona ndithu kuti ana enawo analembedwa kuyambira wamkulu, koma Petronila anabwera pambuyo pa khanda. Anangoti mlembiyo anali atatopa. Kuchokera kwa Catalina anakwera mibadwo ina iwiri, ndipo mu Ogasiti 2019 mmisiri anasema mayina asanu ndi limodzi pamwala wakuda.

Chiliza chitaima, Erlinda anatenga chithunzi chake kupita nacho kunyumba yakale ya a Rempillo, kuti akadzionetse kwa abale. Anamulandira ndi mayi Milagros, chidzukulu cha Ambrosio. Anamuthirira chokoleti chotentha, n'kuyang'ana tsamba lija nthawi yaitali. Kenaka anafotokoza mofatsa kuti kolera wa 1882 atadutsa, Catalina anatola ana amasiye a kumapiri kuti azitunga madzi ndi kuchapa. Mlembi wa kalembera sankafunsa ana. Ankafunsa mwini nyumba, ndipo aliyense wodya mumphika umenewo ankalowa pansi pa dzina lake, ana ake enieni poyamba, antchito pamapeto.

"Petra wochapa timamukumbukira bwino, achemwali," anatero mayi Milagros, akutchula Petronila mwachidule. "Akuti ankaimba kumtsinje. Koma amene anam'bereka, kafunseni akwanu. Ife sitinafunsepo."

Chokoleticho chinazizira m'kapu.

A Soling anali atafa mbali imodzi kuyambira mu Juni. Erlinda ankapitako kukawayeza magazi ndi kuwatembenuza pabedi, koma za Petronila sanazitchulepo, poti ankaona kuti wazidziwa kale. Tsiku limenelo anakokera mpando pafupi, n'kugwira dzanja lawo lamoyo.

"Tiya, ndabwera kudzapala kokonati uja. Amayi a agogo anu anali ndani?"

Diso la a Soling linamuyang'ana ndi ukali wake wakale. Milomo inagwedezeka, khosi linalimbana, koma chimene chinatuluka ndi mpweya ndi malovu. Anayesanso kawiri, kenaka anatembenukira kukhoma. Mwana wawo, Dodong, ataima pakhomo ndi beseni, anati chaka chilichonse pa tsiku la akufa amayi ake ankatchula dzina la mkazi wina m'pemphero, limodzi ndi mudzi wina wa kumapiri. Iye sankamvetsera. Ankaganiza kuti ndi woyera wina wa m'tchalitchi.

A Soling anamwalira pa 12 Okutobala.

Pa 1 Novembala, pokumbukira akufa, manda a ku Oas anadzaza monga mwa chaka chilichonse, mabanja atayala mphasa, ana akutola phula la makandulo n'kumaumba mipira. Odutsa ankaima pa chiliza chatsopanocho n'kuyamikira kuti banja limeneli likudziwa kumene linachokera. Erlinda ankangogwedeza mutu. Anayatsa makandulo atatu pansi pa mayina amene anali nawo kuyambira pachiyambi. Kandulo yachinayi anaizika pa dothi, pambali pa mwala, pamene panalibe cholembedwa chilichonse. Pamwamba pake mayina atatu a eni ankanyezimira, osemedwa mozama kuti mvula isawafufute.

Uchi unali pakhomo loyandikana ndi lake, wotetezedwa ndi njuchi imodzi yokalamba. Erlinda anaopa mbola, nazungulira mpaka ku Manila. Akale ananena kale: safunsa anadya phula.