Chilimwe Chimodzi cha ku Msambamkuwa

Kalekale, kuseri kwa mapiri amene mayina ake anaiwalika, kunali dziko lotchedwa Msambamkuwa. Pakati pa dzikolo panali phiri lofiira, ndipo m'mimba mwa phirilo munali mkuwa wosatha. Amalonda ankayenda miyezi iwiri atasenza nsalu, mikanda ndi mchere, n'kubwerera atawerama ndi mkuwa. Kumeneko ngakhale mkazi wa mlonda ankavala zigwinjiri mpaka m'zigongono.

Koma imvi zinali zosowa. Munthu akakwanitsa zaka makumi anayi ankatchedwa nkhalamba, ndipo njira ya kumanda sinkamera udzu. Chodabwitsa n'chakuti kutsidya kwa mapiri kunali anthu osauka, ovala nyanda, amene mkuwa ankangoumva m'nyimbo. Koma kwawoko nkhalamba zopanda mano zinkakhala pamthunzi n'kumakanganirana fodya, zidzukulutudzi zikusewera m'miyendo mwawo.

Woyang'anira mgodi wa mkuwawo anali mayi wina dzina lake Nangozo. Amuna mazana atatu ankakumba pansi pa ulamuliro wake. Iye ankakhala pamwamba pa phiri, mkati mwa mpanda, momwe munkakhalanso olemera onse ndi asing'anga onse a m'dzikomo. Okumbawo ankakhala kumunsi, kutsidya kwa mtsinje wa Nyamatope, m'zisakasa zothithikana ngati zisa za atimba. Nangozo anabereka ana asanu, anayi n'kuwaika m'manda. Anatsala ndi mtsikana mmodzi wa zaka khumi, dzina lake Nthanda.

Mayiyu anali ndi alongo atatu, ndipo atatuwa akakumana pakhonde pake nkhani inali imodzimodzi: dziko lolemera chotere, anthu akuferanji ngati nkhuku za chitopa?

Chiwaula, wamkulu, anali wosungunula mkuwa m'ng'anjo. Iye ankati, "Ndi madzi. Miyala timatsukira mumtsinje, zonyansa za m'zisakasa zimatsikira momwemo, kenako n'kumatunga ndi kumwa."

Dzimbiri, wapakati, anakana kukumba. Ankalima kadimba kake kuseri kwa chulu, chakumbali kwa zisakasa, anthu n'kumamuseka kuti wazungulira mutu. Iye ankati, "Ndi chakudya. Makasu onse anapita kumgodi. Ana akukula ndi makaka a chinangwa ogula, opanda ndiwo. Mkuwa saphika."

Kalindiza, wotsiriza, anali mtengatenga woperekeza amalonda, ndipo anaona mayiko. Iye ankati, "Ndi mpandawu. Chuma chikuchokera m'manja mwa a kumunsi n'kukagona kumtunda. Asing'anga anatsata chumacho. Wodwala wa m'zisakasa amafa akuyang'ana phiri."

Nangozo ankangowasiya atope. Ankawayankha kuti imfa ili ponseponse, n'kuwatumizira mowa.

Chaka china, mvula ili pakati, kunagwa maliro a mkazi wa kapitawo kuzisakasa. Nangozo anatsika ndi Nthanda pamodzi ndi alongo ake kukakhuza. Ali kumanda, kumapiri kunagwa chimvula. Pobwerera anapeza Nyamatope atadzaza mpaka m'mabango, ulalo wa mitengo utakokoloka. Panalibe kuchitira mwina koma kukhala konko. Kapitawo wofedwayo anawapatsa chisakasa chodontha, ndipo kwa nthawi yoyamba Nangozo anagona pamene okumba ake ankagona, nakhala monga iwo ankakhalira.

Tsiku lachitatu Nthanda anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika masana maso anali atalowa m'kati, milomo itang'ambika. Nangozo atatsina khungu la pamkono wa mwanayo, khungulo linangoima osabwerera. Chizindikiro chimenecho ankachidziwa. Anali atachiona kanayi konse.

Anatuluka pakhomo naitana alongo ake pamaso pa anthu onse amene anasonkhana.

"Alongo anga, mwandisokosera zaka zambiri. Lero ndikulumbira pa manda a ana anga. Amene apulumutse mwana uyu ndidzam'patsa okumba onse mazana atatu, ndi makasu awo, chilimwe chathunthu. Achite nawo chimene amati chingachiritse dziko lino."

Chiwaula anatenga zipanda ziwiri zikuluzikulu nakwera khwawa, kupitirira malo onse otsukira miyala, mpaka pa kasupe wotuluka pansi pa thanthwe. Unali ulendo wa theka la tsiku m'matope oterera. Atabwera anawiritsa madziwo, nathiramo kamchere ka pa nsonga ya chala ndi uchi pang'ono. Anakhala pambali pa mphasa n'kumadonthezera m'kamwa mwa mwanayo ndi tsamba lopinda. Nthanda akasanza, iye ankadikira pang'ono n'kuyambiranso. Madzi akatha ankabwerera kukasupe. Anapita katatu, mapazi mpaka kutupa ngati maungu. Matenda sanachoke, koma mwanayo sanaume. Masiku awiri amene imfa ikanam'tenga, inangoima pakhomo.

Kalindiza anaona kuti madzi okha akungogwira mpweya. Anapota chingwe cha luzi chachitali, namanga nsonga imodzi pa mkuyu wa m'mbali mwa mtsinje, inayo m'chiuno mwake, n'kudziponya m'madzi. Mtsinje unam'kokera kumunsi, chitsa chinam'ng'amba ntchafu, koma anatulukira tsidya linalo namanga chingwecho pa mwala. Anakwera phiri akutsimphina mpaka pakhomo la Mbalule, sing'anga amene ankadziwa makungwa oletsa m'mimba, nam'chonderera kuti akaone mwanayo.

"Kutsidya ine sindinapondeko zaka khumi ndi ziwiri," anatero Mbalule. "Bwerani naye kuno."

"Akafera pakati pa mtsinje."

"Nanga ine ndiye ndikafere pomwepo? Kusambira sindidziwa."

"Wowoloka ndine, bambo. Inu mungokhala pamsana n'kugwira thumba lanulo pamutu."

Kalindiza anabereka nkhalambayo ngati khanda, nagwira chingwe chija dzanja ndi dzanja, madzi akuwafika m'khosi. Atafika, Mbalule anasanza kaye madzi amene anamwa, kenako anapala makungwa ake, nawiritsa m'madzi a Chiwaula, n'kumwetsa mwanayo. Dzuwa lisanapendeke tsiku lotsatira, kutsegula kunaleka.

Koma Mbalule atam'yang'ana mwanayo m'zikope, anapukusa mutu.

"Mayi, matenda ndawathamangitsa, koma asiya nyumba yopanda kanthu. Magazi mulibe umu. Mukam'patsa makakawa, m'mimba muyambiranso, ndipo kachiwiri sindingathe."

Nangozo anavula zigwinjiri zonse nazitumiza m'zisakasa monse kuti agule chakudya china chilichonse. Zinabwerera momwe zinapitira. M'mudzi wonsewo munalibe dzira ngakhale limodzi.

Apo n'kuti Dzimbiri atapita kale kuseri kwa chulu chake. Anabwera atasenza dengu la mawere, mtedza, nkhwani ndi mazira asanu a nkhuku yake imodzi. Anasinja yekha mumtondo, amayi akum'yang'ana, naphika phala lamadzimadzi lothira nsinjiro. Tsiku loyamba Nthanda analandira zipande ziwiri. Lachiwiri analandira zisanu, ndi msuzi wa nkhwani. Mbewu imene Dzimbiri anasungira kudzala chaka chamawa inathera mumtondomo.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu, Nangozo ali kuzizitsa phala, anamva mawu ang'onoang'ono kumbuyo kwake.

"Amayi, dzulo mchere unachepa."

Anatembenuka. Mwana anali atakhala tsonga yekha, tsitsi lili nyankhalala, nkhope itakwinyika ngati munthu amene am'lakwira kwambiri. Nangozo anayamba kuseka. Anaseka mpaka chipande chinagwa, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo analira zimene sanalire pa maliro anayi aja. Amayi a m'zisakasa anathamangira kuganiza kuti zachitika. Atapeza Nthanda akunyambita mbale, anayamba kululutira, ndipo kapitawo wofedwa uja, amene sanamwetulire chimwalirire mkazi wake, anapita kukatenga ng'oma.

Mtsinje unatenga mwezi kuti uphwe. M'mwezi umenewo Mbalule, posowa kolowera, anayamba kuona ana a okumba. Amayi anadziwa njira ya kukasupe natsata mapazi a Chiwaula, ngakhale inali yaitali. Dzimbiri anagawa zotsala za m'dimba mwake kwa odwalitsitsa. Mwezi unakhala, unakula mpaka kufa, osakumba manda a mwana ngakhale amodzi. Akale a m'zisakasamo anati zotere anali asanazionepo.

Nangozo atabwerera kuphiri anakauza akuluakulu a mgodi za lumbiro lake. Anang'ung'udza, koma mawu onenedwa pa manda sabwezedwa.

"Chilimwe chimodzi basi," anatero wamkulu wawo. "Amalonda akapeza ng'anjo zozima kawiri adzasintha njira, ndipo tonse tidzavala nyanda."

Nangozo anayamba waganiza zowagawa okumbawo patatu. Koma amisiri atayeza ntchito zonse ndi mapazi, anam'uza kuti iliyonse ikufuna manja onse mazana atatu, kuyambira udzu ukauma mpaka mvula yoyamba. Ntchito yosamalizidwa madzi adzaikokolola. "Mapanga awiri avumbwitsa, mayi," anatero mmisiri wina, "nanga atatu?"

Choncho anaitana alongo ake pabwalo, okumba onse atakhala mozungulira. Pamiyendo pake panali khasu la mkuwa, chizindikiro cha ulamuliro wa mgodi, loti alipereke kwa mmodzi.

Chiwaula anayamba. "Mlongo wanga, Mbalule anafika tsiku lachitatu la matenda. Pakanapanda madzi anga akanapeza mtembo. Ndipo chinam'dwalitsa mwanayu n'chiyani, si mtsinje? Ana ako anayi anafera kuno kuphiri, asing'anga atazungulira mphasa, nkhokwe zili zodzaza. Madzi amene munkamwa kunonso anali a Nyamatope. Ndipatse anthuwa ndikumbe ngalande ya miyala kuchokera kukasupe, ndi zimbudzi kutali ndi mtsinje. Munthu akapanda kudwala, sing'anga ngwachiyani?"

Dzimbiri anadikira kuti phokoso lithe. "Madzi a Nyamatope tinamwa tonse mwezi uja. Achimwene munamwa, ine ndinamwa. Bwanji ife sitinagwe? Matenda amasankha thupi lopanda kanthu. Nkhokwe za kuphiri n'zodzaza, inde, koma ndi makaka omwewo ndi mchere. Anthu a kutsidya kwa mapiri alibe ngalande, alibe Mbalule, koma ali ndi minda. Mwana uyu munam'gwira mpweya, munam'letsa m'mimba, koma anadzuka ndi phala. Ndipatseni anthuwa tiswe dambo lonse lija, tibzale, nyumba iliyonse ikhale ndi dimba ndi khola."

Kalindiza anaimirira movutikira, chifukwa bala la pantchafu linali lisanapole. "Zonse mwanenazi n'zoona. Koma ndifunse. Kasupeyu anatuluka chaka chino? Dambolo linabwera dzulo? Zonsezi zinalipo, ndipo ana a m'zisakasa akhala akufa zaka zonsezi. N'chifukwa chiyani lero tikukambirana? Chifukwa mwana wa kuphiri anatsekeredwa kumunsi. Ngalande idzagumuka, dimba lidzagwa dzombe, ndipo a kumtunda sadzamva, chifukwa pakati pali mtsinje ndi mpanda. Matendanso si a m'mimba okha. Mayi wovutika pobereka simungam'mwetse madzi a kasupe n'kuchira, wophwanyidwa ndi mwala mumgodi phala silim'lumikiza fupa. Ndipatseni anthuwa timange mlatho wa miyala, tigwetse mpanda, miyala yake timangire nyumba ya asing'anga pakati pa zisakasa."

Okumba ndi akazi awo anagawikana. Amayi amene anatupa mapazi ndi ulendo wa kukasupe anali kumbali ya Chiwaula. Amene ana awo analawa phala lija anali kwa Dzimbiri. Amuna a zipsera za mumgodi anali kwa Kalindiza.

Nangozo anatembenukira kwa sing'anga. "Bambo Mbalule, inu munaona zonse. Anapulumutsa mwana wanga ndani?"

Nkhalambayo inakanda chibwano. "Mayi, ine ndimadziwa makungwa. Ndikanena kuti madzi, ndanyoza msana umene unandibereka. Ndikanena kuti msana, ndanyoza madzi amene ndinawiritsira mankhwala. Ndipo phala lija nanenso ndinadyako. Mlanduwu ngwanu."

Anafunsa Nthanda, amene anali atatsamira pa bondo lake akukukuta mtedza. Mwanayo anayang'ana amalume ake mmodzimmodzi.

"Ine sindinaone, amayi. Ndinali kudwala."

Anthu anaseka, Nangozo naye anaseka, dzanja lake lili pamutu pa mwana wake wamoyo. Mtima wake unali wopepuka kuposa zaka zonse zimene ankakumbukira. Koma khasu linali likadali pamiyendo pake, udzu unali utayamba kufiira, ndipo amuna mazana atatu ankadikira kumva kumene adzalawirire m'mawa mwake.

Nkhani yanga yaima pamenepa, chifukwa amene anandiuza sanandiuze kumene khasulo linapita. Tsono inu amene mwamva, weruzani. Chimene chinkapha anthu m'dziko la mkuwa wosatha chinali madzi, njala ya pakati pa chuma, kapena mpanda? Mukanakhala Nangozo, khasulo mukanalipereka kwa yani: Chiwaula, Dzimbiri kapena Kalindiza?