Diso la Wokonza Mawotchi

Bambo wina wokonza mawotchi anali ndi lamulo lotopetsa makasitomala. Wotchi akaikonza ankaipachika pakhoma masiku atatu asanaibweze. "Kugunda lero si kuchira," ankatero.

Tsono iwo omwewo anatuluka kadontho kakuda pa mbali yoyera ya diso lamanja, diso lomwe ankavalapo kagalasi kawo kokulitsira zinthu. Adokotala atapima anati ndi khansa. Anakachotsa bwinobwino, n'kuwapatsa khadi la masiku obwerera.

"Bambo, matendawa amabwerera mwakachetechete. Tizikuonani miyezi itatu iliyonse."

Anapita kawiri kokha. Ulendo wachitatu anadziyang'ana pagalasi, diso lili mbee, basi nkhani inathera pomwepo. Khadi lija analisandutsa poikapo tizitsulo ta mawotchi kuti tisamwazike.

"Bambo, tsiku lija lakwanatu," akazi awo ankawakumbutsa.

"Mayi, ine ndinachira. Mukufuna ndikatole matenda a eni pamzere?"

Chaka chinatha. M'diso munayamba kumveka ngati muli mchenga, iwo n'kumati ndi fumbi. Tsiku lina povula kagalasi kaja anaona magazi m'mphepete mwake. Akazi awo sanawanyogodole. Anangokhuthulira tizitsulo tija m'chivindikiro, n'kutenga khadi.

Adokotala anatembenuza chikope. Kalanga ine! Chakuda chija chinali chitayanga kunsi kwake, kumene galasi la kunyumba silifika. Anadula kachidutswa kukapima, ndipo zotsatira zitabwera anawakhazika pansi onse awiri.

"Chikanapezeka chili chaching'ono, tikanachichotsa n'kumathira mankhwala. Pano chalowa mkati. Kuti tipulumutse moyo wanu, disoli lichoke."

Bambowo analira osabisa. Diso limenelo linali litawadyetsa zaka makumi atatu.

Atachira bala anabwerera pabenchi yawo, kukaphunzitsa diso lamanzere ntchito ngati mwana wa sukulu. Dzanja linkaphonyaphonya, koma wotchi yoyamba inagunda ndithu.

"Yagundatu, achimwene, ndipatseni ndizipita," anatero mwini wake.

Bambowo anayang'ana misomali ya pakhoma, manyazi n'kuwagwira. Mawotchi a eni ankawadikira, koma diso lawolawo sanalidikire, anangoti lachira litangoyera. Anaipachika wotchiyo pafupi ndi khadi latsopano, lomwe tsopano linali ndi msomali wakewake.

"Mubwere Lachisanu," anatero. "Ine ndinafulumira kuwoloka. Akuluakulu sananame: linda madzi apite ndipo uziti ndadala."