Zikwama za a Mtengowatsika

Pa msewu wa masitolo panalibe munthu wosawadziwa a Mtengowatsika. Dzinalo analitola okha pakhomo pa sitolo yawo, pomwe ankaima m'mawa uliwonse n'kumakuwa kuti mtengo watsika, ngakhale tsiku lomwe akweza. Ankagulitsa za ana asukulu, makope, zolembera, masokosi ndi zikwama zolendewera kudenga. Tisawanamizire, mtima woipa analibe. Kungoti makutu anali nawo ongokongoletsa mutu.

Kuseri kwa masitolowo kunali nyumba ya bungwe losamalira ana ochoka m'misewu. Ankaiyang'anira mayi wina wamfupi amene ana onse ankangowatcha Azakhali. Eni masitolo ankathandiza mwakachetechete, wophika buledi ankatumiza buledi, wogulitsa mankhwala ankapereka sopo. A Mtengowatsika anaona kuti anzawowo ndi ogona. Iwo anati apereka chikwama kwa mwana aliyense, koma mzinda wonse udziwe.

Zikwamazo anazitumiza kwa osindikiza, ndipo zinabwera chilichonse chili ndi zilembo zachikasu kumsana, zowerengeka uli tsidya lina la msewu: MWANA WA MUMSEWU WOTHANDIZIDWA NDI MTENGOWATSIKA.

Akazi awo anawerenga kawiri, kenaka anaika chikwamacho pansi. "Abambo, Azakhali aja mwawafunsa za mawuwa?"

"Ndifunse chiyani? Munthu ndikumupatsa chaulere, ndimufunsenso? Mawa mudzati ndikafunse nkhuku ngati ikufuna chimanga."

"Ana si nkhuku. Kuseri komweku si kutali, pitani mukangowaonetsa chimodzi."

"Inu gulitsani masokosi, zamaganizozi mundisiyire ine."

Tsiku lomwe anakatula zikwamazo, Azakhali anali kuchipatala kudikirira mwana wodwala. A Mtengowatsika anaona kuti mpata ndi womwewu. Anafoletsa ana pabwalo, anawajambulitsa zithunzi, ndipo zikwama zawo zakale zazigamba analamula kuti zikatayidwe, ati zikuipitsa malo. Ang'onoang'ono ankavina, poti kuwerenga anali asanadziwe.

Chomwe bambowo sanachidziwe n'chakuti Azakhali anawamwaza dala anawo m'masukulu osiyanasiyana. Ankavala yunifolomu ngati wina aliyense, ndipo komwe anachokera ankadziwa aphunzitsi aakulu okha. Wamkulu mwa anawo anali mtsikana wochepa thupi, wakuthwa pakamwa, amene anzake ankamutcha Singano. Anali m'kalasi lomaliza, mayeso ali pafupi. Kusukulu kwake ankangodziwa kuti amakhala ndi azakhali ake, ndipo limenelo silinali bodza.

Singano anawawerenga mawuwo mtima n'kumuwawa, koma chikwama china analibe. M'mawa mwake anachiphimba ndi juzi. Pa nthawi yopuma mnyamata wina wachipongwe anakoka juziyo, anakwera padesiki n'kuwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo. Kalasi lonse linafa nalo phwete. Wina anamuponyera khoko la nthochi, ati adye. Singano sanalire. Anamudula mlomo mnyamatayo ndi chibakera, ndipo aphunzitsi aakulu anamuuza kuti abakhala kunyumba mpaka nkhani yake itakambidwa.

Azakhali pobwera kuchipatala anapeza nyumba ili zii ngati pamaliro. Ena anali atabisa zikwama pansi pa bedi, ena akuti kusukulu sadzapondakonso. Mayiwo anapsa mtima koopsa. Anabwereka wilibala kwa omanga, analongamo zikwama zonse, n'kuiyendetsa okha dzuwa lili paliwombo, ana akulondola pambuyo. Anakazikhuthula pakauntala pa a Mtengowatsika, makasitomala akuona.

"Katundu wanu uyu, bambo. Tabweza."

A Mtengowatsika anayesa kuseka. "Mayi, mphatso sabweza. Kapena zachepa?"

"Zachuluka. Ana awa ndawachapa zaka ndi zaka kuti fungo la mumsewu liwachoke. Inu tsiku limodzi lokha mwawalemba kumsana ngati matumba a feteleza."

"Nanga ndanama? Sanachoke mumsewu?"

"Simunaname. Inunso muli n'komwe munachokera. Mumayenda mutakulemba pajekete?"

Mayi wina amene ankasankha nsapato anaseka mobisa. Bambowo anatupa. "Osayamika inu. Kuyambira lero pasitolo pano simudzalandira ngakhale kachofufutira."

"Sungani. Ana anga ayenda ndi makope m'manja, koma ayenda mitu ili m'mwamba."

Azakhali anatuluka, wilibala yopanda kanthu ikulira patsogolo.

Nkhani ya pamsewu wa masitolo sigona. Pofika madzulo aliyense anali atamva, ndipo zithunzi zomwe a Mtengowatsika anamata pagalasi kuti ziwatamande zinasanduka umboni. Makolo ena anayamba kukagula makope kwina. Zikwamazo sizikanagulitsika, nanga ndani angagulire mwana wake chipongwe? Bambowo anayesa kufufuta zilembo ndi parafini kuseri kwa sitolo, utoto unangofalikira, manja n'kuchita chikasu. Akazi awo ankadutsa ndi katundu n'kumangoyang'ana manja achikasuwo.

Azakhali nawo sanagone. Anayenda sukulu ndi sukulu kubweza ana amene ankakana, ena mowanyengerera, ena mowagwira padzanja. Kwa aphunzitsi aakulu a Singano anapita mobwerezabwereza. Anawauza kuti mtsikanayo alangidwe, inde, mlomo wa mwini anaudula, koma mayeso alembe. Pomaliza anamulola kubwerera. Anabwerera m'kalasi lomwelo, momwe tsopano ankamuitana kuti Wamumsewu.

Manyazi atawakwana, a Mtengowatsika anatsitsa kudenga zikwama zina zopanda chilembo, anazinyamula okha, opanda wojambula, n'kukagogoda kuseri kuja. Azakhali anawalandira pakhomo.

"Mayi, ndinalakwa. Ndabweretsa izi. Kaya zili bwino?"

"Tsopano ndiye mukufunsa? Eni ake ndi awo, afunseni."

Ang'onoang'ono anayang'ana kumsana kwa chikwama chilichonse, anasuzumira ndi m'kati momwe, kenaka anatenga. Singano yekha anakhala pabenchi akuwerenga, makope ake ali m'jumbo.

"Mwanawe, tenga chako. Ichi chilibe mawu," anatero bambowo.

Mtsikanayo anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo. "Zikomo, bambo, koma mupatse wina."

"Ukadali wokwiya?"

"Ayi. Kungoti mawu aja kusukulu anawaloweza. Ndikalowa m'kalasi amawerenga pa ine, chikwama kulibe."

"Ndiye ndikuchitire chiyani? Nena, chilichonse."

"Mukanandifunsa tsiku lija ndikanakuuzani. Lero palibe. Mayeso ndilemba, ndipo ndikhoza, dzina lomwe munandipatsalo lili pamutu."

Anakhalanso pansi n'kutsegula kope. A Mtengowatsika anaima pabwalopo chikwama chili m'manja, kusowa pochiika. Anabwerera nacho kusitolo, ndipo m'mawa uliwonse ankamuona mtsikanayo akudutsa pakhomo pawo ndi jumbo yake, akuwapatsa moni, osayang'ana m'sitolo.

Kupatsa n'kwabwino, ndipo amasitolo amene amakumbuka ana otere asaleke. Koma bambo awa anathamangira uchi wa mbiri yabwino, kuseri komweko kuli anthu oti akanawauza poluma. Akuluakulu sananame pomwe anati safunsa anadya phula.