Kochi Womvera Phokoso

Panali munthu wina ku Mangalande amene anapatsidwa timu ya mpira ya kwawo kuti aiphunzitse. Anabadwira m'tauni yomweyo, anasewerapo m'timu yomweyo miyendo idakali yamphamvu, ndipo mpira ankaudziwa. Ichi ndayamba nacho dala, kuti wina asadzati munthuyu analakwa chifukwa cha umbuli. Ayi, ankadziwa.

Ligi yawo inali ya matimu makumi awiri, ndipo lamulo lake n'losanyengerera: chaka chikatha, matimu atatu a kumchira amatsitsidwa kupita ku ligi yaing'ono. Kupambana ndi mapointi atatu, kulepherana ndi pointi imodzi, kugonja ndi kubwerera chimanjamanja. Timu ya m'tauniyi inali itakhala m'ligimo zaka makumi anayi ndi ziwiri osatsikapo. Eni ake pomulemba ntchito kochiyo anamuuza kuti, "Chikho sitikukufunsani. Timuyi isatsike basi."

Kumbuyo kwa timuyo kunali wotchinga wina dzina lake Garside, wovala nambala faifi, yemwenso anali kaputeni. Liwiro linali litamuthera, bondo lamanzere linkamuvuta kukazizira, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi anagoletsa zigoli ziwiri zokha, chinacho mwangozi. Koma ankadziwa kumene mpira ukupita usanamenyedwe, ndipo anzake ankaima pamene iye wawalozera. Kochi anamanga timu yake pa munthu ameneyu.

Ligi inayamba mu Ogasiti. Pa masewera khumi oyamba anapambana atatu, anagonja awiri, asanu analepherana. Sunali mpira wokoma kuonera, tisanamizane. Koma timu inali pakatikati pa ndandanda, kutali ndi nkhwangwa, ndipo tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Masapota zinawanyong'onya. Anayamba kukuwa m'bwalo kuti sanabwere kudzaonera khoma. Garside akabwezera mpira kwa goloboyi, ankamukuwiza ngati waba nkhuku. Pa wailesi ankaimba foni anthu oti mpira anaumenya komaliza ali ku pulayimale, aliyense ndi timu yake m'mutu.

Tsono kochi uja anali ndi nthenda imodzi, nthenda ya makutu. Chilichonse chonenedwa ndi anthu ambiri chinkamulowa mpaka m'mafupa. Lolemba ankawerenga manyuzipepala, Lachiwiri ankamvera wailesi, ndipo timu imene inkalowa m'bwalo Loweruka inali yosankhidwa ndi anthu amenewo. Iye ankangosainira.

Mu Novembala anamukhazika Garside pa benchi. Tsiku limenelo anapambana zigoli zinayi kwa zitatu, bwalo lonse linaimba dzina la kochi, ndipo iye anapita kwawo akuyenda monyang'wa. Zitatu zimene anamwazo sanaziwerenge. Sabata yotsatira anamwa zisanu, kenako zinayi, kenako zisanu zina. Masapota anati vuto ndi goloboyi, iye anachotsa goloboyi. Mu Januwale, mwezi umene matimu amaloledwa kugula osewera, masapota anati pakufunika womwetsa zigoli wa kunja, iye anakagula awiri, pamene chibowo chinali kumbuyo. Munthu nyumba ikudontha denga, iye kukagula makatani! Pofika Malichi timu inali yachiwiri kuchokera kumchira, ndipo panalibe ina m'ligimo imene inamwa zigoli zambiri kuposa iyo.

Mantha a nkhwangwa atamugwira, kochi anamubwezera Garside m'bwalo mwakachetechete, osapepesa n'komwe. Garside anamanga bondo lake, nayambanso kulozera anzake poima. Chibowo chinatsekeka. Pointi apa, pointi apo, tsiku lina atatu, mpaka timu inakwawa n'kutuluka pa atatu a kumchira aja. Pofika tsiku lomaliza inali pamwamba pa mzere ndi pointi imodzi yokha.

Mvetsani bwino mmene zinalili tsikulo. Matimu awiri anali atatsika kale. Malo achitatu ankalimbirana timu ya kochiyu ndi ina ya m'tauni ya kumpoto, imene inali m'mbuyo ndi pointi imodzi ija. Akumpoto akapambana, kochi wathu ankafunika kupambana nayenso; akalephera kupambana, iye ankangofunika kulepherana. Koma kochiyo akagonja, akumpoto n'kupeza pointi, ankafanana mapointi, ndipo pamenepo amawerengera zigoli. Zigoli zimene anamwa nthawi ya kuimbiridwa nyimbo zija zinali zikumudikira.

Kumeneko kuli mwambo wakuti tsiku lomaliza masewera onse amayamba nthawi imodzi, kuti wina asasewere akudziwa kale zotsatira za mnzake. Choncho anthu amakhala maso ali pabwalo lawo, makutu ali ku bwalo la eni. Kochi anakonzekera zimenezi. Anatuma munthu wodalirika kukakhala ku bwalo la akumpoto, ndipo Mayi Ollerton, mlembi wa timu amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri, anakhala kuseri kwa benchi foni ili kukhutu, akumva kwa munthuyo chilichonse chochitika.

Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli, kuno ndi uko komwe. Chachiwiri chimodzimodzi. Alendo amene ankasewera nawo tsikulo ankabwera ndithu ngati mvula yamkuntho, koma Garside anali paliponse pamene mpira unkagwera, akuchotsa ndi mutu, akukalipira anzake, akutsimphina. Kunatsala mphindi khumi.

Ndiye kunamveka chiphokoso kuchokera pakona ina ya bwalo. Wina anali ataona pa foni yake kuti akumpoto agoletsa. Anauza wa pambali pake, uyo anauza mzere wonse, ndipo posakhalitsa anthu zikwi makumi awiri anali chilili, akukuwa ndi mawu amodzi: "Agoletsa uko! Pitani kutsogolo! Chotsa nkhalambayo!"

Mayi Ollerton anagwira mkono wa kochi. "Bwana, chigoli chija achikana. Anali ofusayidi. Uko kudakali ziro kwa ziro. Musasinthe kanthu."

Kochi anatembenuka n'kuyang'ana khamulo. Anthu anali atafiira nkhope, ena akulira, ena akumulozera zala. "Mayi, anthu onsewa angalakwitse?"

"Onsewa amva kwa anzawo," anatero Mayi Ollerton. "Wathu ali pabwalo pomwepo. Mbendera ya ofusayidi waiona ndi maso ake."

Ndikafika apa nkhaniyi imandipsetsa mtima. Kochi uja anawakhulupirira mayiwo. Sanakayike ngakhale pang'ono, pakuti munthu amene anali ku bwalo linalo anamusankha yekha. Koma mumtima mwake munadutsa kaganizo konyansa, ndipo anakalola kukhala. Anati, ndikalimba pano, zinthu n'kupotoka mwanjira ina, ndidzalakwa ndekha pamaso pa anthu onsewa. Koma ndikachita zimene akufunazi, tikalakwa tilakwira limodzi. Sankaganizanso za timu, kapena za zaka makumi anayi ndi ziwiri zija. Ankasaka pobisala.

Anakodola mmodzi wa omwetsa zigoli a mu Januwale aja. Chikwangwani chosinthira osewera chinakwezedwa, ndipo panali nambala faifi.

Garside anaiyang'ana nambalayo kanthawi. Anavula lamba wa ukaputeni, napatsa mnzake, nayenda motsimphina kutuluka, khamu likuombera m'manja kochi wawo wolimba mtima. Atafika pamzere anaima pamaso pa kochi. "Kochi, uko agoletsadi?"

Kochi anayang'ana kumbali. Garside anayang'ana Mayi Ollerton, ndipo mayiwo anapukusa mutu. Garside anakakhala pa benchi n'kudziphimba kumutu ndi thaulo.

Pasanathe mphindi zitatu mafoni omwe aja anayamba kunena zoona. Phokoso linasintha. Pakamwa pomwe paja panayamba kukuwa kuti, "Bwererani! Tchingani!" Koma lamulo la mpira silisintha chifukwa chakuti anthu asintha maganizo: wotuluka watuluka. Osewera anasokonezeka, ena akuthamangira kutsogolo, ena kumbuyo, popanda wowalozera poima. Kutatsala mphindi ziwiri, alendo anaponya mpira wautali. Unagwera pakati penipeni, pamalo pamene nambala faifi anaima masana onse. Panalibe munthu. Wosewera wa alendo anauletsa pachifuwa, anayang'ana goloboyi mosapupuluma, naugoneka mu ukonde.

Refu anaimba wezulo yomaliza. Kumpoto kunatha ziro kwa ziro, monga Mayi Ollerton ananenera. Timu inatsika.

Tsono kochi anatembenukira khamu lija, anzake olakwira nawo limodzi. Sanapezepo ndi mmodzi yemwe. Anthu zikwi makumi awiri ankamukuwiza kuti sadziwa chimene akuchita. Pa wailesi madzulo ake aliyense woimba foni ankafunsa kuti munthu wamutu wake angachotse bwanji Garside nthawi ngati imeneyo. Ukanafunsa kuti nanga anakuwa uja ndani, aliyense akanakana kwa mtu wa galu. Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, ndipo amene anakweza nambala faifi anali mmodzi.

Lolemba m'mawa eni timu anamuitana. Iye anayamba kufotokoza za phokoso, za mafoni, za mmene bwalo lonse linaimirira. Wapampando wawo anamudula. "Tafunsa Mayi Ollerton. Akuti anakuuzani. N'zoona?"

"N'zoona."

"Ndipo munawakhulupirira?"

Kochi anati, "Ndinawakhulupirira."

"Siyani makiyi patebulopo."

Inu atsogoleri amene takuikani pa mipando lero, nkhani ya kochiyi ndikunena ndi inu. Anthu amene akuvoteraniwa adzakuwa, ndipo nthawi zina adzakhala akunena zoona. Amvereni. Koma lidzafika tsiku limene bwalo lonse lidzanene china, munthu mmodzi amene waona ndi maso n'kukunong'onezani china, inu mumtima n'kudziwa amene akulondola. Tsiku limenelo musadzandiuze kuti anthu ndi amene anafuna. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Wolakwa chifukwa sanadziwe tidzamukhululukira, tonse timalakwa. Koma wodziwa, amene wataya chimene tamusungitsa pofuna kuti asakuwizidwe, ameneyo watigulitsa. Ndipo asadzinamize kuti adzabisala pakati pathu, chifukwa pa tsiku la mlandu ife tonse tidzakhala tili kwathu, iye ataima yekha.