Tambala Anavala Nyanda, Nalankhula za Minibasi

Tambala ndi mkazi wake Thadzi anakangana chifukwa cha sukulu ya zisudzo. Tambala ankafunitsitsa kulowa kumeneko, koma malo anali atatsala amodzi okha. Thadzi anavomera kupalasa yekha chakudya cha anapiye dzinja lonse kuti bamboyo akonzekere mayeso.

Aphunzitsi anali atanena poyera kuti aliyense adzaime yekha n'kulankhula mawu a m'sewero lamakedzana, la nthawi imene msewu unali usanafike m'nkhalango. Koma Tambala anakakamira mawu a kondakitala wa minibasi, amene ankaseketsa nawo anzake pa maukwati.

"Bambo a ana, zimenezo n'zadzulodzuloli," anatero Thadzi. "Sakani sewero lakale monga anenera."

"Iwe ukudziwa chiyani za zisudzo? Ndivala nyanda, ndigwira ndodo, mawu ndinjenjemeretsa. Chakale n'chiyaninso?"

"Ndiye nyandayo ikwera minibasi?"

"Kapalase uko!"

Pa tsiku la mayeso Tambala anaima pamaso pa mphunzitsi wamkulu, a Fulu, amene anabadwa msewu kulibe. Atavala nyanda yake, anawerama ngati nkhalamba, nakuwa monjenjemera: "Awiri atsala! Sunthirani kumbuyoko, mayi!" Anzake oyesedwa anafa ndi phwete.

"Mnyamata iwe, nthawi imeneyo ine ndinalipo," anatero a Fulu mawu akuwatentha. "Mayi anga anafera panjira tikuthawa chilala, chotinyamula panalibe. Iwe ukuganiza kuti makedzana ndi nsanza ndi kunjenjemera basi? Tuluka!"

Malo anapita kwa Njiwa, mmodzi wa oyesedwa aja. Iye anachita chibwibwi kawiri konse, koma mawu ake anali a mkazi wamasiye wa m'sewero lakale lenileni.

Tambala anafika pakhomo lipombo litagwa. "Sanandimvetse. Chaka chamawa ndikayesanso."

Thadzi anamutambasulira mapazi. "Taonani zikhadabo izi mmene zatheramu! Dzinja lonse ine matope m'maso, ana akulira kumbuyo, inu muli kokoliriko pa chulu kuitanira minibasi. Chaka chamawa wokupalasirani mupeze wina. Ana anu awa, sanadye."

Thadzi anakakhala pamthunzi, natseka maso. Tambala anayamba kupalasa padzuwa, anapiye akumujompha m'miyendo.

Phunziro: Akakupempha chinthu, pereka chimene apemphacho, osati chimene umachikonda utangochiveka zovala zina. Ukapanda kumva, umataya mwayi wako pamodzi ndi thukuta la amene anakuvutikira.