Mwamuna Amene Anapalira Ndiwo

Kalekale, pamudzi wina wa kuseri kwa phiri, panali munthu dzina lake Kadzamira. Zaka zambiri anazithera ku migodi ya kutali, kumene chakudya ankangolandira chophikaphika. Atabwerera kumudzi sipanapite miyezi isanu, mkazi wake Nangondo anamwalira. Anamusiyira ana aakazi awiri, Tinenenji ndi Nthambi, chimanga chochepa m'nkhokwe, ndi munda.

Maliro atatha, Mwatitha, mkulu wake wa malemuyo, anati, "Alamu, ana awa ndi a mbumba yathu. Ndikukusiyirani. Koma ndikadzawapeza akuwonda, ndidzawatenga."

Kadzamira anavomera. Mvula inali itagwa kale, choncho anapita kukaona munda wa mkazi wake. Anagwira pakamwa. Pakati pa chimanga panali thengo lokhalokha.

"Matenda anamufooketsadi Nangondo," anatero mumtima.

Anatenga khasu. Anapalira, anapalira, anapaliranso, mpaka munda unayera ngati bwalo.

Tsiku lachinayi Tinenenji anapita kumundako ndi lichero. Anabwerako lichero lili lopanda kanthu.

"Ababa, ndiwo zija zapita kuti?"

"Ndiwo ziti, mwanangu?"

"Bonongwe wa amayi. Luni, chisoso, denje. Amayi ankazisiya dala popalira."

Kadzamira anangoyang'ana khasu lake.

Yogulira nyama panalibe. Yogulira matemba panalibe. Ankasungunula mchere m'madzi, anawo n'kumasusa momwemo. Lero mchere, mawa mchere. Nthambi anayamba kudzuka pa chakudya asanakhute. Mwezi usanathe Mwatitha anabwera. Anagwira mkono wa Nthambi, nauyeza ndi zala ziwiri. Sanakalipe. Anangoti, "Tiyeni, ana inu."

Panyumba panati zii. Kadzamira ankati akaphika, n'kudzazindikira kuti watsuka mbale zitatu. Ziwirizo ankazibweza pathandala pang'onopang'ono, ngati wina akumuona.

M'mawa wina ananyamula khasu ndi thumba, napita kuminda ya amayi a m'mudzimo.

"Ndikupalireni," anatero. "Malipiro anga ndi udzu umene ndizule."

Amayiwo anaseka mpaka kutsamira makasu. "A Kadzamira, mwagula mbuzi kodi?"

"Mbuzi yake ndine ndemwe."

Anamuseka tsiku loyamba, anamuseka lachiwiri. Koma m'kuseka momwemo ankamuphunzitsa.

"Icho tayani, mungatisiyire maliro ena."

"Luni muyambe mwawiritsa n'kutaya madzi ake, apo ayi mudya mukulira."

"Denje wopanda chidulo? Mkazi wanu ankakudyetsani mutatsinzina eti?"

Kadzamira ankapalirabe. Ankangomvetsera, n'kuponya m'thumba. Kunyumba anaotcha zitsononkho, nacheza phulusa lake kuti apeze chidulo. Anasinja yekha mtedza wa nsinjiro, amuna anzake akudutsa ataweramitsa nkhope. Masamba otsala anafutsa, nayanika pamphasa, nakulunga m'zikwatu. Anapsereza, anataya. Anawawitsa, anataya. Panalibe womufunsa kuti zakoma kapena ayi. Nthawi zina ankalawa n'kutembenukira pakhomo, pamene Nangondo ankakonda kukhala, kenako n'kumeza yekha.

Chimanga chitayamba kucha, ananyamula mphika, chikwatu chimodzi, denje wongothyola kumene ndi nsinjiro za m'kachitini, ulendo kwa Mwatitha.

"Alamu, ndibwerekeni mafuwa anu."

Mwatitha anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mafuwa ndi awo. Nkhuni mutola nokha."

Anakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, kumuonerera. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona mwamuna akuotcha zala. Kadzamira anaphika mfutso wotendera, anaphika thelele la denje. Sanatembenuke n'kamodzi komwe.

Anawo anadya. Nthambi anapukuta mbale ndi chala, nafunsa ngati mumphika mwatsalako.

Mwatitha anasamba m'manja. Analawa kamodzi. Analawa kawiri. Analawa kachitatu.

"Chidulo mwachulutsa," anatero.

Kadzamira anawerama.

"Nsinjironso mwathira msanga."

Mwatitha anayang'ana kumbali, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatembenukira anawo.

"Nanga inu mukudikira chiyani? Atate anu abwerere okha?"

Nthano yanga yafika pamapeto pake, ana inu. Musanazule chimene mnzanu anasiya, yambani mwafunsa chifukwa chake anachisiyira.