Amayi Akusala, Ife Tikusalidwa

Makaniko wa makina osokera anatsika basi kutada kale. Msewu sankaudziwa. Anangotsata kulira kwa makina mpaka pa shopu ya kuseri kwa nyumba ina. M'katimo munali matelala awiri: bambo wa imvi amene onse ankamutcha Malume, ndi mayi wina wosokerera mabatani.

Mwini shopu anatulukira atafunda nsalu kumutu, Baibulo kukhwapa, milomo itauma gwa. Amuna awo anali m'chipatala sabata yachitatu. Mayiwo analumbira kusala kudya masiku asanu kuti Mulungu awacheukire, ndipo analamula kuti aliyense wa pakhomopo asale nawo. Pa chitseko cha khitchini panalendewera loko. Koma mikanjo ya kwaya makumi atatu inkafunika Lamulungu, choncho ntchito yokha sinasale.

"Makinawa akukhotetsa msoko chiyambire dzana," anatero mayiwo. "Mikanjo inayi yawonongeka. Muwaone bwino. Akapezeka abwinobwino, ndiye kuti vuto ndi Malume. Maso atha, akapume kwawo."

 Malume anangoyang'ana zala zawo.

Makaniko anaona singano, anaona lamba, anadontheza mafuta. Anasoka kansanza. Msoko unawongoka ngati njanji. Kenaka anapempha Malume kuti asokeko. Makanikoyo sanayang'ane singano, anayang'ana pansi. Miyendo ya mkuluyo inkanjenjemera pa chopondera ngati bango pamadzi.

"Achemwali, katiyi sikapezeka kuno?" makaniko ananong'oneza mayi wa mabatani uja.

"Tiyi? Mwasochera, achimwene. Amayi akusala, ife tikusalidwa. Iwo amagwada pa kapeti, ife timapalasa."

"Pakamwa pakopo iwe," anatero Malume. "Amayi ali pa moto."

Makaniko anapukuta manja, nakagogoda pabalaza pomwe mwini shopu anali atalowa.

"Vuto ndalipeza, amayi. Mafuta."

"Simwathira kale?"

"M'makina, inde. Wopalasayo ndiye wauma. Lero tsiku lachitatu."

Nkhope ya mayiwo inachita mdima. "Ndinaitana makaniko, osati abusa. Mukufuna amuna anga afe?"

"Ayi amayi. Ine kutchalitchi benchi yanga ndi ya kukhomo. Koma m'buku mwanyamulamo muli Yesaya. Anthu ena ankadandaula kuti asala koma Mulungu sakuwaona. Iye anawauza kuti tsiku lomwe akusalalo ndi lomwenso akupanikiza antchito awo. Akuti kusala kokomera Mulungu n'kumasula goli pakhosi pa mnzako, n'kumunyemera wanjala chakudya chako. Tsegulani nokha, ine zala zili ndi girisi."

Mayiwo anafuna kumenyetsa chitseko. Dzanja linakana. Anakhala pa mpando, natsegula bukulo, n'kumalondola mizere ndi chala. Anawerenga kawiri. Atamaliza anapita ku shopu, maso atafiira.

"Malume, zaka zonsezi tili limodzi. Bwanji osanena?"

"Munthu akulira, mwanangu, ungamupemphe shuga?"

Mayiwo anamasula kiyi pa mfundo ya nsalu yawo. Anakoleza moto okha, anaphika mpunga, anawiritsa tiyi wa mkaka. Anagwada powapatsa Malume madzi osamba m'manja. Koma mayiwo sanalawe ngakhale kambewu kamodzi. Kusala kunapitirira, koma tsopano kunali kwa mwini lumbiro yekha.

Makaniko anagona pomwepo. M'mamawa anakoleka chikwama paphewa kuthamangira basi yoyamba. Kuchipatala kunali kusanachoke uthenga uliwonse, wabwino kapena woipa. Mayiwo ankamanga mpango kuti apite komweko. Mu shopu Malume anali atakhala kale pa makina, mkanjo wachisanu ukutsetsereka bwinobwino.

"Mudzabwerenso akadzavuta," anatero mayiwo pa geti.

"Savutanso amenewo, amayi. Muzingothira mbali zonse ziwiri."

Anakhota pa ngodya, osacheuka. Buku linali m'nyumbamo zaka zambiri, mneneri anali momwemo, koma tsamba lake anadzalilozera ndi munthu wogona usiku umodzi. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.